Hatchi yayamba kudana ndi bwalo, tisinthe chiyani?

Yusufu (Nkopola):
Moni nonse apagulu, ndithandizeni nzeru. Mwa mahatchi awiri omwe ndimasamala kuno kunyanja, yaikazi ija ya zaka 9, Nyenyezi, yasintha khalidwe. Tikamalowa m'bwalo lokwereramo imagoneka makutu kumbuyo n'kumakoka miyendo. Tikazungulira kufika mbali ya geti imapendekera komweko kufuna kutuluka. Kuti iyambe trot (kuthamanga pang'onopang'ono) ndimachita kuigunda ndi zidendene kangapo. Koma ndikaitulutsa kupita kumsewu wafumbi wakuseri kuno imayenda mwamphamvu, itatchera makutu kutsogolo. M'bwalo timangotsata mpanda: walk (kuyenda), trot, canter (kuthamanga mofulumirako) pang'ono, kutembenuka, kuyambiranso. Ana a alendo akabwera ndi zomwezo. Inenso ndikakwera, thupi limakhala pachishalo koma maganizo ali kwina. Anzanga mumachita zotani m'mabwalo mwanu?

Mayi Nachisale (Namwera):
A Yusufu, tisanakambe zosintha ntchito, yambani mwaona ngati siikumva kupweteka penapake. Hatchi yotopa ndi zobwerezabwereza ndi hatchi yomva ululu zimaonetsa zofanana. Mukachotsa chishalo yendetsani zala mbali zonse ziwiri za msana mukukanikiza pang'ono. Ikagwetsa msana kapena kukupiza mchira mwaukali, pali nkhani. Muyang'anenso thukuta pomwe panali chishalo. Pakakhala kamalo kouma pakati pa ponyowa, pamenepo chishalo chikufinya. Nanga mano anapalidwa liti? Mano a hatchi amangotulukabe chaka ndi chaka, ndipo amasongoka m'mbali n'kumacheka masaya. Kamodzi pachaka ayenera kuonedwa. Ziboda ndiye milungu 6 mpaka 8.

Yusufu (Nkopola):
Zikomo amayi. Ziboda zinadulidwa mwezi watha. Msana ndakanikiza pompano, sinachite chilichonse. Mano ndiwo papita nthawi, ndiwauza abwana. Komatu kumsewu imayenda bwino ndi chishalo chomwecho, chitsulo cha m'kamwa chomwechonso.

Aphiri a ziweto (Boma):
Zimenezo zisakutsimikizireni msanga. Msewu ndi wowongoka, bwalo ndi lokhotakhota. Pali kutsimphina kwina kosaoneka hatchi ikamayenda molunjika, koma kumaonekera pozungulira chifukwa mwendo wam'kati ndiwo umasenza thupi. Mawa muimange chingwe chachitali, izungulire pa trot pamalo olimba, kumanzere kenako kumanja. Muyang'ane mutu. Ikamadzutsa mutu nthawi iliyonse mwendo wina wakutsogolo ukaponda pansi, mwendo umenewo ndiwo ukupweteka. Mutu ukakhala bata mbali zonse ziwiri, mverani zomwe ena akuuzeni pano.

Che Saidi (Joni):
Achimwene, ndaiwerenga nkhani yanu ndili pa nthawi yopuma. Kukhola lomwe ndimagwirako ntchito, kufupi ndi Kyalami, hatchi yotere timaiona kawirikawiri, makamaka zija zophunzitsira ana. Ngati Aphiri apeza kuti thupi lili bwino, ndiye kuti Nyenyezi yaloweza ntchito yonse pamtima. Ikudziwa kuti mukazungulira kangapo mudzapempha trot, ikudziwa pomwe mumatembenukira, ikudziwanso kuti zonse zimathera pageti. Ilibe chifukwa chokumverani, poti palibe chatsopano chomwe munganene.

Choyamba, lipatseni bwalo lanu zilembo. Bwalo laling'ono la dressage (masewera oonetsa momwe hatchi imamvera woikwera) ndi mamita 20 m'lifupi, 40 m'litali. Lalikulu, lomwe amapikisanira ngakhale ku Olympics, ndi 20 kwa 60. Pa laling'onolo zilembo ndi 8. A imakhala pakati pa mbali yaifupi, C pakati pa mbali yaifupi inayo. Mukaima pa A kuyang'ana C, kumanzere kwanu kuli K, E, H, kumanja kuli F, B, M. E ndi B zili pakatikati pa mbali zazitali, zinazo zili mamita 6 kuchokera pangodya. Pakati penipeni pa bwalo timapatcha X ngakhale sipalembedwa. Lembani ndi penti pa zidebe zakale kapena matayala. Zikakhalapo, mumasiya kungozungulira, mumayamba kunena mumtima kuti “pa E ndikhota, pa X ndiima, pa B ndiyamba trot.” Wokwera akakhala ndi kolowera, hatchi imamva m'thupi mwake.

Tadala (Monkey Bay):
Amalume Che Saidi, nanga ife amene bwalo lathu ndi kamalo chabe kosalingana mbali, pakati pali mtengo wa mango?

Che Saidi (Joni):
Mtengowo ndiye X wako, Tadala. Uzizungulira mbali iyi, kenako mbali inayo, kulemba nambala 8. Chofunika ndi zizindikiro zoti uzilunjikapo, osati muyezo.

Ndipitirize. Chinthu chomwe chimadzutsa hatchi yaulesi kuposa china chilichonse ndi kusinthasintha kayendedwe. Masitepe 10 a walk, 10 a trot, kubwerera pa walk, kuima, kuwerenga mpaka 5, kunyamukanso. Ikayamba kuzolowera 10, pangani 6, kenako 14, kuti isamawerengere limodzi nanu. Ndipo zidendene zija muleke kugunda kosalekeza. Finyani ndi miyendo mopepuka kamodzi. Ikapanda kuyankha, finyani mwamphamvu kapena igundeni pang'ono ndi kandodo kuseri kwa mwendo wanu. Ikangonyamuka, miyendo yanu ikhale chete pomwepo. Hatchi imaphunzira pa nthawi yomwe mwasiya kuikakamiza. Mukamagundabe itanyamuka kale, imaona kuti kumvera ndi kusamvera n'chimodzimodzi.

Bambo Mbewe (Malindi):
Ndawerenga zonse. Ine ndakalamba ndi akavalo a kumaesiteti, ndipo pang'ono ndisiyana nanu, Che Saidi. Kavalo amaphunzira pobwereza. Anyamata a masiku ano mumaona zinthu pa YouTube, lero mwaika matayala, mawa mitengo, mkuja mukufuna ayende cham'mbali, pamene kuima bwino pamalo amodzi sanadziwe. Kavalo wotero amasokonezeka mutu, amasanduka wamantha, amayamba kuluma chitsulo ndi kuponya mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine kavalo wamng'ono ndimamuphunzitsa chinthu chimodzi mpaka atachigwira, ndipo pamene pokha ndimapita pa china.

Mayi Nachisale (Namwera):
Bambo Mbewe akunena zoona pa hatchi yaing'ono ya zaka 3 kapena 4. Imeneyo ngakhale kuzungulira mpanda kokha ndi ntchito yaikulu, poti ikuphunzira kunyamula munthu osapepesuka. Koma ya a Yusufu ili ndi zaka 9, zonsezi inazidziwa kalekale.

Che Saidi (Joni):
Bambo, sindikukutsutsani. Phunziro likhale limodzi monga mukunenera. Chomwe chizisintha ndi malo ndi njira yofikira pa phunzirolo. Tinene kuti sabata ino tikufuna hatchi iziima bwino. Lolemba iime pa X. Lachiwiri iime pakati pa mitengo iwiri yogonekedwa pansi. Lachitatu iime kumsewu pansi pa mtengo wa mlambe. Lachinayi munthu ali pansi akuitsogolera ndi chingwe, iime iye akaima. Mwabwereza kanayi, koma hatchi sinaone tsiku lofanana ndi linzake. Chomwe ndimakana ine ndi kuipempha chinthu ka 20 motsatizana itachichita bwino kale kachitatu. Pamenepo imayamba kuganiza kuti yankho lomwe inapereka linali lolakwa, n'kuyamba kuyesa zina.

Bambo Mbewe (Malindi):
Apo ndiye tagwirizana theka. Akachita bwino katatu, musiyeni, mumusisite pakhosi, mumumasulire zingwe atambasule khosi. Koma zoti tsiku lililonse pakhale chachilendo, ayi. Pali akavalo ena amantha amene mtima wawo umakhala m'malo akamadziwa chomwe chikubwera. Woteroyo mphindi 10 zoyambirira zizikhala zofanana masiku onse. Zachilendozo zibwere pakati, iye atafunda kale.

Che Saidi (Joni):
Zimenezo ndavomera ndi manja awiri. Ifenso kuno mphindi 10 zoyamba ndi walk basi, zingwe zazitali.

Yusufu (Nkopola):
Aphiri, ndaizungulitsa m'mawa uno pabwalo louma la kuseri kwa khola. Mutu uli bata mbali zonse. Kenako ndinakwera n'kuyesa zowerenga masitepe zija. Poyamba imachedwa kuyankha, koma patapita kanthawi khutu limodzi linayamba kutembenukira kwa ine nthawi iliyonse ndikangosuntha pachishalo. Za geti zokha ndiye zikadalipo. Che Saidi, kupatula kusintha kayendedwe, pali njira zanji zoyendera m'bwalomo?

Che Saidi (Joni):
Khutu limenelo ndi lomwe timafuna. Njira zilipo zambiri, koma ndikupatsani zomwe ndimazikhulupirira.

Ya njoka: kuchoka pa A, kukhota kupita mbali yaitali, kudutsa bwalo molunjika kufika mbali inayo, kukhotanso, mpaka mutafika pa C mutapinda katatu. M'bwalo la mamita 40 kupinda kulikonse kumatenga mamita 13 ndi pang'ono. Ubwino wake, hatchi imapinda thupi kumanzere, kuwongoka, kupindanso kumanja. Mukaizolowera, muziika walk pang'ono nthawi iliyonse mukudutsa mzere wapakati, n'kubwereranso pa trot.

Ina ndi yozungulira mochepetsa. Yambani kuzungulira X motambasuka mamita 20 kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, muzilowa m'kati pang'onopang'ono mpaka 12 kapena 10, kenako muikankhire kunja ndi mwendo wanu wam'kati, osati kukoka chingwe chakunja. Mudzamva mwendo wake wakumbuyo ukulowa pansi pa mimba. Apo ndi pomwe hatchi imayambira kuphunzira kuyenda cham'mbali. Koma musakhalitse pozungulira pang'ono, mfundo za miyendo zimatopa. Kawiri mbali iliyonse n'kokwanira.

Yachitatu ndi yomwe anthu amainyoza koma ndi yovuta: chokani kumpanda. Yendani mamita 2 kapena 3 m'kati, molunjika. Hatchi yozolowera mpanda imautsamira, ndipo mukaichotsapo mudzaona ikuyenda mopotoka, matako mbali ina mapewa mbali ina. Kuiwongola pamenepo kudzakutangwanitsani nonse awiri mpaka kuiwala zotopa.

Za geti: musamatsikire pageti, musamapumirenso pageti. Popuma pakhale kungodya ya kutali. Ntchito yolemetsa muzichitira pafupi ndi geti. Pomaliza tsikirani pakati kapena kumapeto, masulani lamba wa pamimba pomwepo, muitsogolere wapansi potuluka. Nthawi zina tulukani muli pamsana, yendani pang'ono, mubwerere m'bwalo kukagwiranso ntchito mphindi ziwiri. Idzasiya kuona geti ngati pothera mavuto.

Mayi Nachisale (Namwera):
Ine ndionjezepo za mitengo yogoneka pansi, chifukwa ndi yomwe inasintha mahatchi athu kuno. Timadula bulugamu wowongoka, mamita 3 m'litali, wonenepa masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, n'kupaka njereza kuti azioneka. Nsungwi musayese, ikapondedwa imang'ambika n'kucheka mwendo. Mapaipi apulasitiki nawo amagubuduka.

Kutalikirana kwake ndiye nkhani yonse. Pa walk masentimita 80 mpaka 90. Pa trot mita imodzi ndi masentimita 20 mpaka 40. Pa canter pafupifupi mamita 3. Hatchi yaifupi muchepetseko. Ngati mulibe tepi, mapazi anu anayi ndi theka ogundanitsa chidendene ndi chala, mutavala jombo, ndi muyezo wa trot. Ikadutsa, pitani mukaone mapazi ake mumchenga. Chiboda chiyenera kuponda pakatikati pa mitengo iwiri. Chikamaponda pafupi ndi mtengo wakutsogolo, atalikitseni pang'ono. Chikamaperewera, ayandikitseni.

Yambani ndi mtengo umodzi, kenako atatu. Iwiri yokha musaike pa trot, hatchi zambiri zimaiona ngati dzenje n'kudumpha yonse pamodzi. Mukadzadutsa koyamba pa mitengo inayi itayalidwa bwino, mudzamva msana ukukwera pansi panu, khosi likutsika, ikuyang'ana poponda. Ine mpaka lero ndimasangalala nazo. Ndipo mitengo inayi yomweyo mukhoza kuiyala mosiyana sabata yonse: molunjika, mokhota ngati nthiti za fani, mwa sikweya yoti muzilowa n'kuimamo, kapena mwa chilembo L choti hatchi izibwerera chambuyo pakati pake. Mukamaliza muziichotsa pansi, chiswe cha kwanuko sichichedwa.

Mangani "yiwiri" pa zidina pokhapokha hatchi itazolowera yapansi.

Tadala (Monkey Bay):
Azakhali, mwati yiwiri pa zidina, mukutanthauza kukweza?

Mayi Nachisale (Namwera):
Eya mwanangu, foni yandilembera zina. Ndimati kukweza mbali imodzi ya mtengo pa njerwa kapena kachipika, masentimita 10 mpaka 15. Koma iwe usafulumire, yamba yapansi.

Aphiri a ziweto (Boma):
Zonsezi n'zabwino, koma Che Saidi akulemba ali kumtunda kozizira, Mayi Nachisale nawo ali kuphiri. Nkopola ndi Monkey Bay mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limafika madigiri 35 n'kupitirira. Hatchi ikamagwira ntchito yolemetsa kotentha imatha kutaya malita 10 mpaka 15 a thukuta pa ola limodzi, ndipo thukuta lake limatuluka ndi mchere wambiri. Ina yomwe mukuti yaulesi yangofooka ndi kutentha. Nyengo ino mphindi 25 kapena 30 zokonzedwa bwino zimaposa ola lathunthu longozungulira. Madzi akhalepo nthawi zonse, mchere wonyambita ukhale m'khola. Ikakhala chete osagwira ntchito, hatchi imapuma mpweya ka 8 mpaka 16 pa mphindi. Mukatsika n'kuona kuti patha mphindi 10 ikadali wefuwefu, mphuno zili bululu, ithireni madzi thupi lonse mobwereza pamthunzi, ndipo mawa lake muchepetse ntchito.

Mchenga nawo. Wakunyanjawu ndi wotayirira. Ukazama kupitirira masentimita 8 mpaka 10 umakoka mitsempha ya kuseri kwa miyendo. M'mphepete mwa mpanda momwe mwakhala mukuzungulira muyenera kuti mwakumbika kanjira, m'mbali mwake mwaunjikana mchenga. Salazani ndi leki, muwazeko madzi kuti fumbi lichepe.

Yusufu (Nkopola):
Kanjirako kalipodi Aphiri, kozama ndithu, mpaka madzi a mvula amaimamo. Ndiye nthawi yabwino yokwera ndi mbandakucha kapena dzuwa likamalowa?

Aphiri a ziweto (Boma):
M'chilimwe muno inde, m'mawa kusanatenthe. Koma mvula ikayamba musinthe. Matenda a African horse sickness amafala ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, totchedwa Culicoides, ndipo timaluma kwambiri dzuwa likamalowa ndi likamatuluka, makamaka malo achinyontho. Matendawa alibe mankhwala ochiza, ndipo mwa mahatchi osabayidwa katemera amatha kupha 9 mwa 10 aliwonse odwala. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, kutupa pamwamba pa maso, kubanika, thovu m'mphuno. Ndiye nyengo ya dzinja hatchi ilowe m'khola dzuwa lisanalowe, ituluke litakwera. Mukwere cha m'ma 8 koloko, mwachidule. Katemera wake amachokera ku Onderstepoort ku South Africa, amabaya kawiri motalikitsa milungu itatu, mvula isanayambe. Che Saidi akudziwa.

Che Saidi (Joni):
Zoona, kuno timabaya pakati pa Juni ndi Okutobala, ndipo masiku otsatira katemerayo hatchi sitiilemetsa ntchito. Ndi nthawi yabwino yochita za pansi: kuitsogolera podutsa pa lona, kuibweza chambuyo pakati pa mitengo, kuiphunzitsa kusuntha matako mukaikhudza m'nthiti.

Tadala (Monkey Bay):
Nanga bwanji osangopita nayo kunyanja? Ku Kande, ku Nkhata Bay, anthu amalowa m'madzi ndi mahatchi opanda chishalo mpaka kusambira.

Bambo Mbewe (Malindi):
Nyanja ndi mankhwala a kavalo wotopa ndi bwalo, mdzukulu wanga, koma Kande si kuno. Kumwera kuno, kuyandikira kumene Shire amatulukira, kuli mabango, ng'ona ndi mvuu. Funsani asodzi a pamalopo musanalowe, iwo ndiwo amadziwa. Yendani pamchenga wonyowa wolimba m'mphepete mwa madzi, wouma uja ndi wozama. Maso akhale pansi: zingwe za makoka, mbedza, magalasi osweka. Pa thandala loyanikapo usipa mudutse patali, fungo ndi anthu ambiri zimamudzidzimutsa. Ndipo kavalo akayamba kupalasa madzi ndi mwendo wakutsogolo, ndiye kuti akufuna kugona. Mudzutseni mutu, apite patsogolo msanga. Kawiri pa sabata kunja, masiku ena m'bwalo, tsiku limodzi apume. Komanso kunjako ndi sukulu. Mitengo iwiri ya m'mbali mwa msewu ndi zilembo zanu, kuima ndi kunyamuka mukhoza kuphunzitsa konko.

Mayi Nachisale (Namwera):
A Yusufu, funso lina. Ikachoka m'bwalo, Nyenyezi imakhala kuti tsiku lonse?

Yusufu (Nkopola):
M'khola amayi, poopa kuti ingadye maluwa a alendo. Timaipatsa madeya m'mawa ndi madzulo, ndi udzu womweta.

Mayi Nachisale (Namwera):
Apo palinso gawo la vutoli. Hatchi yosiyidwa payokha kudambo imadya udzu maola 14 mpaka 16 pa tsiku, ikuyenda pang'onopang'ono ndi inzake. Yanuyo ikuchoka m'mipanda inayi kulowa m'mipanda ina inayi. Apempheni abwana akutchingireni kamalo ka mthunzi kuti mahatchi awiriwo azikhala limodzi masana. Udzu usamathe pamaso pake, madeya achepe.

Yusufu (Nkopola):
Ndikakamba nawo Loweruka. Nanga ana a alendo aja? Ambiri sadziwa kukwera, sindingawauze za njoka ndi zilembo.

Tadala (Monkey Bay):
Apa ndingayankheko ine, poti ndi momwe ndinaphunzirira. Ikani zidebe zisanu pamzere, motalikirana masitepe 8 a munthu, mwana azidutsa mokhotakhota pa walk. Kapena atenge kapu pamwamba pa mgolo uwu akaike pa mgolo uwo. Kuti atenge kapuyo ayenera kuimitsa hatchi pamalo enieni, ndiye amaphunzira kuima osadziwa kuti akuphunzira. Wina amene wazolowerako anyamule kapu ya madzi dzanja limodzi, aone ngati afike nawo. Manja amakhazikika okha. Ifenso akuluakulu, kuchotsa mapazi m'zopondera mphindi zingapo pa walk ndi trot kumathetsa kuyasamula konse. Chipewa cholimba chokha chisachoke kumutu.

Che Saidi (Joni):
Tadala wanena bwino. Ndiwonjeze kuti ana akamaliza, inu mukwere mphindi 5 kuikumbutsa kumvera mwendo wopepuka, chifukwa ana amakoka ndi kugunda nthawi imodzi. Ndipo mukakhala awiri m'bwalo, pokumana muzipatukirana phewa lamanzere kwa lamanzere. Ndi lamulo la m'mabwalo ambiri.

Bambo Mbewe (Malindi):
Ndipo kavalo mmodzi asanyamule ana tsiku lonse pamene mnzake ali m'khola. Muziwasinthanitsa.

Yusufu (Nkopola):
Ndamva bambo. Zilembo ndalemba kale pa matayala akale. Chondisowa ndi mitengo, kuno bulugamu wowongoka ndi wodula, wambiri ndi wa milimo wopyapyala.

Mayi Nachisale (Namwera):
Tili nayo yomwe inatsala pomanga chigafa cha fodya, youma kale. Galimoto ya pafamu imatsika Chowe Lachisanu kukagula zinthu ku Boma. Ndikuikirani isanu ndi umodzi, mukaitengere kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi cha m'ma 10 koloko. Mubwere ndi chingwe chomangira, ndi yolemera.

Aphiri a ziweto (Boma):
Mukabwera Lachisanulo mundipeze, tipangane tsiku loti ndidzaone mano a mahatchi onse awiri.